Kodi Banki Yaikulu Ingaiwale Mtengo wa Unga ndi Mafuta?

Pamene Banki ya Zambia inakweza ciongoladzanja cace kufika pa 14.5 peresenti mu Febuluwale 2025, thumba la unga wa bulekifasiti la makilogalamu 25 linali litapitirira kale K300 m'masitolo ambiri a m'matauni a m'mbali mwa njanji. Anthu a ku Bwacha, ku Makululu ndi ku Katondo mu Kabwe anali ndi funso limodzi-modzi ndi anzao a ku Katete ndi ku Petauke: kodi kudulitsa ngongole kumatsitsa bwanji mtengo wa nsima? Funso limeneli nlabwino, ndipo akatswiri a za cuma akhala akukangana pa ilo kwa zaka makumi asanu. Ena mwa iwo amaphunzitsa kuti banki yaikulu, pofuna kudziwa ngati mitengo ikukwera moopsa, iyenera kuyamba yacotsa cakudya, mafuta ndi magetsi pa muyeso wace, nkuyang'ana zotsalazo. Munthu wamba akamva zotere amapsa mtima, pakuti zimene akuti zicotsedwezo ndizo zimamaliza ndalama zace zonse mwezi usanathe. Mkwiyowo ngomveka. Komabe maganizo a akatswiriwo sanacokere m'mutu wopanda kanthu, ndipo nkofunika kuwamvetsa bwino asanakanidwe.

Coyamba ndi kudziwa m'mene muyeso umapangidwira. Mwezi uliwonse anchito a bungwe la boma loona za ciwerengero, la Zambia Statistics Agency, amayenda m'misika ndi m'masitolo a m'zigawo zonse khumi kulemba mitengo ya zinthu zopitirira 400: unga, kapenta, mafuta ophikira, sopo, makala, lendi ya nyumba, ndalama zokwerera basi, fizi ya sukulu ndi zina zotere. Zonsezi zimaikidwa monga m'dengu limodzi, ciriconse ndi kulemera kwace malinga ndi ndalama zimene mabanja amaononga pa ico. Mtengo wa dengulo ukayerekezedwa ndi wa mwezi womwewo caka catha, cimene catulukaco ndico cimalengezedwa pa wailesi kuti mitengo yakwera ndi maperesenti akuti-akuti. Uwu ndiwo muyeso wathunthu. Pali muyeso waciwiri umene m'Cingerezi amaucha core inflation, ndiko kunena phata la kukwera kwa mitengo. Uwu umapezeka pocotsa m'dengumo zakudya, petulo, dizilo, palafini ndi magetsi, nkupima zokhazo zatsala.

Cifukwa cacikulu cocitira zimenezi ncakuti cida cimene banki yaikulu iri naco ncimodzi cokha ceni-ceni, ndico mtengo wa ndalama. Ikakweza ciongoladzanja cace, mabanki a malonda nawonso amakweza cao. Anthu ndi makampani amacepetsa kukongola. Ndalama zoyenda m'dziko zimacepa. Ogulitsa amasowa makasitomala ndipo amaleka kukweza mitengo mwacisawawa. Mankhwala amenewa amagwira nchito pamene matenda ace ndi kuculuka kwa ndalama zothamangitsa katundu wocepa. Koma cilala si matenda otere. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, cifukwa mvula inadula m'maboma 84 mwa maboma 116, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a cimanga mwa mahekitala 2.2 miliyoni anapserera m'minda. Zokolola za cimanga, zimene mu 2023 zinapitirira matani 3.2 miliyoni, zinagwa kufika pa matani 1.5 miliyoni. Palibe ciongoladzanja cimene cikadabweza mvula ku Chibombo kapena kudzaza nyanja ya Kariba. Cimodzi-modzinso pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine inayamba mu Febuluwale 2022 ndi kukweza mtengo wa mafuta, tirigu ndi feteleza pa dziko lonse lapansi: komiti yokhala m'nyumba ya Banki pa mseu wa Cairo mu Lusaka inalibe mphamvu yoletsa nkhondoyo.

Cifukwa caciwiri cimakhudza nthawi. Mankhwala a banki sacita msanga. Papita caka, nthawi zina kuposerapo, kuti mphamvu yace imveke mokwanira m'misika. Koma mtengo wa cakudya uli ndi kayendedwe kace kamene mlimi aliyense amakadziwa kuposa katswiri wa ku yunivesite. Mu Juni ndi Julaye, nkhokwe zitadzaza, meda ya cimanga imachipa. Mu Januwale ndi Febuluwale, pa gwang'wang'wa, imakwera. Matimati amene lero aola pa msika wa Kasanda cifukwa cosowa wogula, pakapita miyezi iwiri amagulidwa mowerenga. Banki imene ingamathamangire kukweza ciongoladzanja nthawi iriyonse cimanga cikakwera ingapeze kuti mankhwala ace ayamba kuluma pa nthawi imene zokolola zatsopano zafika kale ndipo mitengo yatsika yokha. Apo yavulaza anthu popanda phindu. Ndipo wovulala kwambiri ndi mlimi yemweyo amene cilala camulanda zokolola: akapita kukafuna ngongole ya feteleza ndi mbeu amapeza kuti yadula, ndipo akabwerera cimanjamanja amagwa m'manja mwa a kaloba. Kumeneko ndiko kumenya munthu kawiri pa mlandu umene sanapalamule.

Pa zifukwa ziwirizi akatswiriwo sakunama. Amanena kuti phata la mitengo liri ngati madzi a pansi pa citsime, pamene muyeso wathunthu uli ngati madzi a pamwamba amene mphepo imawagwedeza. Wofuna kudziwa ngati citsime cikuphwa ayang'ane pansi.

Koma mbiri ya maganizo amenewa iri ndi cenjezo lace. Anabadwira ku America m'zaka za m'ma 1970. Mu Okutobala 1973 maiko a Aluya ogulitsa mafuta anacepetsa malonda ao, ndipo m'miyezi yocepa mtengo wa mafuta unakwera kanai. Mkulu wa banki yaikulu ya ku America pa nthawiyo, a Arthur Burns, anaumirira kuti kukwera kwa mafuta ndi kwa cakudya kunali kwa kanthawi ndiponso kosakhudzana ndi nchito ya banki, motero anafuna muyeso wopanda zinthu zimenezo. Banki inazengereza. Mitengo inapitiriza kukwera, inalowerera m'malipiro ndi m'katundu wa mtundu uliwonse, mpaka mu 1980 inapitirira 13 peresenti pa caka. Panafunika a Paul Volcker, amene anatenga udindowo mu 1979, kukweza ciongoladzanja kufika pafupifupi 20 peresenti ndi kucotsetsa anthu mamiliyoni nchito kuti motowo uzime. Muyeso umene unapangidwa kuti uthandize kuona bwino unasanduka pobisalira anthu osafuna kuona.

Nkofunikanso kuongola bodza lina limene lafala, lakuti mabanki akulu-akulu a pa dziko lapansi anacotseratu cakudya ndi mafuta pa zolinga zao. Si conco. Banki ya ku England ndi banki yaikulu ya maiko a ku Ulaya ogwiritsa nchito ndalama ya euro zimalonjeza 2 peresenti pa muyeso wathunthu. Ngakhale ya ku America, pamene inalengeza colinga cace ca 2 peresenti mu Januwale 2012, inacimanga pa muyeso wokhala ndi cakudya ndi mafuta momwemo. Phata amaliyang'ana monga cizindikiro ca kumene mitengo ikulowera, osati monga lonjezo lao kwa anthu. Maiko amene anayesa kulonjeza pa phata lokha ena anabwerera: South Korea inasiya mu 2007, Thailand inasiya mu 2015. Ku India, lipoti la boma la za cuma la mu Julaye 2024 linapereka ganizo lakuti cakudya cicotsedwe pa colinga ca banki, koma mkulu wa banki pa nthawiyo, a Shaktikanta Das, anakana mwezi wotsatira, ponena kuti anthu wamba amamva kukwera kwa mitengo kupyolera m'cakudya ndipo banki singacinyalanyaze.

Ngati ku India anaona conco, nanga kuno? M'dengu la ku America cakudya ndi mafuta pamodzi zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kucotsa gawo limenelo kumasiyabe dengu lolemera. Koma m'dengu la Zambia limene linakonzedwa pa maziko a caka ca 2009, cakudya cokha cinapatsidwa magawo 535 mwa magawo 1,000. Kuonjezapo makala, magetsi ndi mafuta, cotsala ncocepa ndithu. Ndipo kumeneko nkuwerengera pamodzi olemera ndi osauka. M'nyumba ya mai wamasiye wa ku Makululu amene amagula unga wa pamela tsiku ndi tsiku, cakudya cimadya pafupifupi ciriconse cimene wapeza. Muyeso wocotsa cakudya m'dziko lotere ungathe kuoneka wokongola pa pepala, koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo anthu a mu Kabwe, amene mkuyu wao waukulu uli pakati peni-peni pa tauni, mwambiwu amaudziwa.

Kabwe ndi malo abwino oonerapo m'mene mitengo imapatsirana. Tauniyi inamangidwa pa mgodi wa mtovu ndi zinki umene miyala yace inapezeka mu 1902, ndi pa njanji imene inafika mu 1906. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007 nkukhala zaka zambiri iri yotseka. Kuyambira pamenepo mabanja ambiri amakhalira malonda ang'onoang'ono, tuntemba, ulimi wa m'mphepete mwa tauni, nsomba za ku Lukanga ndi kunyamula katundu pa mseu waukulu wopita kumpoto. Palibe ciriconse mwa izi cimene cimayenda popanda dizilo. Boma litacotsa thandizo lace pa mtengo wa mafuta mu Disembala 2021, ndipo bungwe la Energy Regulation Board litayamba mu 2022 kuunika mitengo mwezi ndi mwezi, kusintha kulikonse kwa pa pampu kunkafika msanga kwa woyendetsa minibasi, kwa mwini cigayo, kwa wonyamula makabichi kucokera ku Chisamba. Wometa tsitsi amene wakwera basi yodula ndi kugula unga wodula amakweza mtengo wa kumeta. Mwini nyumba amakweza lendi. Telala amakweza mtengo wosokera yunifomu. Zonsezi ziri m'phata lija limene akuti nlotetezeka ku mphepo.

Magetsi nawo anaphunzitsa phunziro lomwelo mu 2024. Madzi atacepa ku Kariba, nyumba zambiri zinkakhala mu mdima maola oposa 17 pa tsiku. Ncinthu comvetsa cisoni kwa tauni imene inayamba kuona magetsi a mphamvu ya madzi mu 1925, pamene damu la Mulungushi linatsegulidwa kuti litumikire mgodi. Owocherera zitsulo, osunga nyama m'mafiriji ndi oweta nkhuku anagula majenereta kapena kutseka malonda. Amai anabwerera ku mbaula, ndipo mtengo wa makala unakwera pamodzi ndi kutha kwa mitengo m'nkhalango za ku Kapiri Mposhi. Cimene cinayamba monga vuto la mvula cinathera m'mtengo wa dzira, wa geti lacitsulo ndi wa buledi.

Apa ndipo pali nchito yeni-yeni ya banki yaikulu. Kukwera koyamba, kumene kwabwera ndi cilala kapena nkhondo yakutali, banki singakuletse ndipo siyenera kudzinamiza kuti ingakuletse. Koma kukwera kwaciwiri, kumene kumabwera pamene aliyense wayamba kukweza mtengo wace cifukwa akuyembekeza kuti mnzace akwezanso mawa, kumeneko banki ingakuletse, ndipo ikacedwa kumazika mizu. Amene anali akulu mu 1993 akumbukira caka cimene mitengo inakwera ndi maperesenti opitirira 180, pamene wogulitsa ankasintha mtengo katundu ali pa shelefu ndipo ndalama yosungidwa m'cilimba inkasungunuka isanafike kwa mwini wace. Matenda otere sayamba tsiku limodzi.

Palinso njira ina imene akatswiri a ku maiko olemera sakonda kuichula cifukwa kwao njosafunika kweni-kweni. Zambia alibe zitsime za mafuta. Lita iriyonse ya dizilo imagulidwa ndi madola, kaya yabwera pa paipi ya TAZAMA kucokera ku Dar es Salaam kapena pa mathanki a pa mseu. Feteleza wambiri nayenso ngwakunja. Mu Sepitembala 2022 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K16. Kuciyambi kwa 2025 inafika pa K28. Kugwa kumeneko kokha kunakweza mtengo wa mafuta ndi wa zipangizo za ulimi ngakhale pa nthawi imene mtengo wa kunja sunasinthe. Mphamvu ya Kwacha ndi nkhani imene Banki ya Zambia iri nayo mbali, ndipo ncifukwa cace mu Febuluwale 2024 inalamula mabanki a malonda kusunga kwa iyo 26 peresenti ya ndalama za makasitomala ao, kucoka pa 17 peresenti, kuti Kwacha yothamangitsa madola icepe. Conco kunena kuti mtengo wa mafuta suli m'manja mwa banki ncoona ku Washington, koma ku Lusaka ncoona mwa theka cabe.

Banki ya Zambia, pansi pa utsogoleri wa a Denny Kalyalya, inasunga colinga cace ca maperesenti 6 mpaka 8 pa muyeso wathunthu, wokhala ndi unga ndi makala momwemo. Pa ici inacita bwino. Ciongoladzanja cace, cimene cinali pa 9 peresenti caka conse ca 2022, cinakwezedwa pang'ono-pang'ono kufika pa 11 kumapeto kwa 2023, pa 13.5 mu Meyi 2024, pa 14 mu Novembala 2024, ndi pa 14.5 mu Febuluwale 2025, mwezi umene kukwera kwa mitengo kunafika pa 16.8 peresenti. Pofika kumapeto kwa 2025 kunali kutatsika kufika pafupifupi 11 peresenti, ndipo mu Novembala caka cimeneco Banki inayamba kutsitsa ciongoladzanja. Koma cilungamo cimafuna kunena kuti cimene cinatsitsa mtengo wa unga kwambiri ndi mvula ya 2024/25, imene inabweretsa zokolola zopitirira matani 3.6 miliyoni, pamodzi ndi kulimba kwa Kwacha. Ndiponso mankhwalawo anali owawa: ciongoladzanja ca m'mabanki a malonda cinali kupitirira 25 peresenti, mtengo umene mlimi wa mahekitala awiri kapena mwini kagolosale wa ku Chowa sangaufikire. Amene amadandaula za ici asachedwe mbuli.

Dziko lino liri ndi cifukwa cinanso cosalolera kuti unga ucotsedwe pa muyeso uliwonse wa boma. Mu Disembala 1986, boma la a Kenneth Kaunda litacotsa thandizo pa unga wa bulekifasiti ndipo mtengo utakwera ndi 120 peresenti, zipolowe za ku migodi zinapha anthu 15. Boma linabweza mtengo ndi kulanda zigayo zikulu-zikulu. Mu Juni 1990 mtengo utakweranso kuposa kawiri, anthu oposa 20 anafa pa zipolowe zimene zinayambira mu Lusaka, ndipo pa 30 Juni Lefutenanti Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Cipani ca UNIP, cimene misonkhano yace yaikulu inkacitikira pa Thanthwe la Mulungushi kufupi ndi Kabwe, cinagwa pa masankho a mu Okutobala 1991. Banki imene ingauze anthu a mbiri yotere kuti mitengo iri bwino pokhapokha ngati saganizira za nsima idzataya cikhulupiriro cao, ndipo banki yosakhulupiridwa mankhwala ace amafooka, pakuti wogulitsa ndi wanchito amaika mitengo yao malinga ndi zimene akuona pa msika, osati zimene amva pa wailesi.

Mlimi wa kumudzi ali ndi nkhope ziwiri m'nkhani imeneyi, ndipo anthu a m'tauni amakonda kuiwala. Mu Juni iye ndi wogulitsa, ndipo mtengo wokwera wa cimanga ndiwo malipiro ace a caka conse. Bungwe la Food Reserve Agency litakweza mtengo wa thumba la makilogalamu 50 kufika pa K280 mu 2023 ndi K330 mu 2024, alimi anakondwa pamene a m'tauni ankalira. Koma mabanja ambiri a kumidzi amagulitsa msanga pofuna ndalama ya sukulu ndi yobweza ngongole, ndipo pofika Januwale amakhala ogula, akucita ganyu kuti apeze meda imene anaigulitsa mochipa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Kwa iwo mdani si mtengo wokwera wokha kapena wotsika wokha, koma kulumpha-lumpha kwace. Kulumpha kumeneko ciongoladzanja sicingakuthetse.

Amene angakuthetse ndi ena. Ndi Food Reserve Agency ikalipira alimi pa nthawi yace ndi kusunga cimanga cokwanira caka ca njala m'nkhokwe zosadontha. Ndi unduna wa za ulimi feteleza wa thandizo akafika mvula isanagwe, ndiponso malamulo a kutumiza cimanga kunja akaleka kusintha pakati pa nyengo, mlimi atabzala kale. Ndi ulimi wothirira, m'cigawo cimene mitsinje ya Mulungushi ndi Lunsemfwa imayenda caka conse pamene minda ya m'mbali mwace imadikira mitambo. Ndi magetsi a dzuwa oonjezera pa a madzi, kuti cilala cimodzi cisaphe munda ndi cigayo pa nthawi imodzi. Ndi miseu ya kumidzi imene thiraki ingadutse mu Febuluwale. Zonsezi ndi nchito za boma ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo pamene zacedwa, katundu yense amagwera pa Banki, imene iri ndi nyundo yokha ndipo imamenya nayo aliyense mofanana.

Kwa Banki cimene cingapemphedwe ncoti ipitirize kulonjeza pa dengu lathunthu, iyang'ane phata mkati mwa nyumba monga cothandizira kusiyanitsa kukwera kwa kanthawi ndi kozika mizu, ndipo pa cigamulo ciriconse ifotokoze poyera kuti ndi gawo liti la kukwera kwa mitengo limene labwera ndi nyengo, ndi liti limene iyo ikulimbana nalo. Kufotokoza kumeneko kumacitika m'Cingerezi ca akatswiri pamaso pa atolankhani mu Lusaka. Kuyenera kumvekanso m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'Cilenje pa mawailesi a m'zigawo, m'sabata yomweyo imene komiti yagamula, nthawi ya madzulo pamene alimi abwera kumunda.